Madzi akutha mu galimoto koma pansi pali pouma: nkhani ya recall imene sinafike ku Mufakose

Ndikulemba izi makamaka kwa anzanga amakaniko amene tikugwira ntchito muno mu Harare, ku Gazaland, ku Siyaso, cha ku Kaguvi ndi m'magalaja a kuseri kwa nyumba, komanso inu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe poti magalimoto ake ndi omwewa. Ndi nkhani ya galimoto imodzi yokha imene inali ndi recall, kutanthauza kuti kampani yoipanga inaiitanitsa kuti ikakonze vuto limene linapezeka, ndaitsatira kuyambira tsiku limene inalowa pa geti langa mpakana pano. Maina a anthu sinditchula, ndipo mtundu wa galimotoyo sinditchulanso dala, chifukwa vuto limeneli, la madzi a injini kudonthera mkati mpakana kuyambitsa moto, lapezekapo ku makampani angapo nde ndikangotchula imodzi ena nonse muziti yanu ilibe kanthu.

Mwini wake ndi amayi ena a zaka zopitirira 60, amakhala ku Mufakose, timapemphera limodzi ku CCAP. Makolo awo anachokera ku Ntcheu nthawi ya chitaganya, ngati mmene bambo anga anachokera ku Mulanje, nde timadziwana kuyambira kale. Mwana wawo wamwamuna ali ku UK ndipo ndi amene anawagulira galimotoyi, ya dizilo, 2 litre, ya 2014, inatsikira ku Walvis Bay nkulowera pa Plumtree. Amayiwo samayendetsa, amawayendetsera ndi mnyamata wina mwana wa mchemwali wawo, ndipo maulendo ake ndi omwewa timawadziwa, Mufakose kupita mtauni, ku Mbare Musika m'mamawa kukapikula tomato ndi anyezi, kutchalitchi Lamlungu, basi. Maulendo afupiafupi, kuima pa maloboti ozima, injini kumangolira pamalo amodzi. Galimoto ya dizilo ya zaka zimenezi ikamayenda chonchi mwaye umadzadza msanga mkati, ichi chisungeni chifukwa chibweranso kutsogoloku.

Chizindikiro choyamba chinabwera mu Seputembala. Mnyamata uja anabwera yekha nkunena kuti kalaiti ka coolant, madzi aja oziziritsa injini, kakumayaka m'mawa, iye amangothira madzi a pa mjigo kenako kamazima, pakapita masiku anayi kapena asanu kayakanso. Tsiku limenelo ndinali ndi makombi awiri pa jeke eni ake ataima pambali panga kudikira, nde ndinangosuzumira pansi, pouma, ndinagwira mahozi onse, ouma, water pump yosalira komanso yopanda chizindikiro choti yadonthapo. Labala ya pa chivindikiro cha botolo la coolant inali yotopa pang'ono ndiye ndinati ndi chimenechi, ndinasintha chivindikiro, kuthira coolant mpaka pa mzere, nkumuuza kuti akaona chachilendo abwere. Apa mpamene ndinalakwa ndipo ndikufuna ndinene poyera. Galimoto imene ikutha pafupifupi theka la lita pa sabata popanda dontho pansi, madziwo akupita penapake mkati, ndipo ine pressure tester ndili nayo, inali m'bokosi mamita asanu kuchoka pamene ndinaima. Sindinaitulutse chifukwa cha changu. Masabata atatu otsatirawo galimotoyo inayenda ndi anthu kumbuyo pa mawu anga.

Ulendo wachiwiri amayiwo anabwera okha. Anali kukonzekera kupita ku Ntcheu kumapeto kwa Okutobala kukavundukula chiliza cha achimwene awo, anthu asanu m'galimoto ndi katundu, kudzera pa Nyamapanda, Changara, Tete mpakana boda ya Dedza. Anakhala pa benchi nkunena kuti, "Amisiri, galimotoyi ikumwabe madzi, komanso tikaima ndikumamva kafungo kena kake ngati shuga wapserera pa mbaula, mwanayu akuti ndi fungo la dizilo koma ine dizilo ndimamudziwa." Mawu amenewo a shuga wopserera ndi amene anandidzutsa. Coolant amanunkhira motsekemera akatentha, aliyense wa ife amadziwa, koma kupserera ndi nkhani ina. Ndinawayankha kuti amayi, muisiye igone pano, ndiione bwinobwino injini ikazizira.

M'mawa mwake ndinayamba ndi pressure test injini ili yozizira, kupopa mpaka pa mlingo wolembedwa pa chivindikiro nkusiya. Singano inayamba kutsika pang'onopang'ono, pa mphindi 20 inali itatsika moonekeratu koma kunja kulibe dontho olo limodzi, ndinayala katoni pansi inakhala youma. Kapeti wa kutsogolo wouma, nde si heater. Oyilo ali bwinobwino, sanasanduke ngati tiyi wamkaka, pansi pa chivindikiro cha oyilo palibe thovu. Kenako tinapanga block test, ka madzi kabuluu kaja kamene kamasintha mtundu ngati utsi wa injini ukulowa mu coolant, ndipo kanasinthadi pang'ono. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito pompo anati head gasket, atulutse masipanala tiyambe kumasula, ndipo kunena zoona inenso mtima unapita komweko chifukwa ndi mmene tinaphunzirira, block test ikasintha ndi gasket kapena head yang'aluka. Koma zinthu zina sizimagwirizana. Injini imadzuka bwinobwino m'mawa osatsimphina, mahozi sankauma gwa ikangolira, siinatenthepo mopitirira ngakhale tsiku limodzi. Ndinakumbuka kuti pa magalimoto awa pali malo ena amene utsi ndi coolant zimayenda moyandikana, kachitsulo kopyapyala kokha pakati, ndiwo EGR cooler, ndipo ikang'aluka utsi ungathe kulowa mu coolant nkukupusitsa pa block test chimodzimodzi ngati gasket. Tikanachotsa head tsiku limenelo tikanawadyera amayi aja ndalama zambiri, kupititsa head ku engineering, kubwezeretsa zonse, vuto lenileni lili pompo likudikira.

Nde ndinamasula paipi yochokera ku EGR kulowa mu intake manifold. Anzanga mukudziwa mwaye wa dizilo mmene umakhalira ukakhala wabwinobwino, wouma, umayoyoka ngati fumbi la pansi pa thumba la makala. Uwu unali wonyowa, womata ngati phula, ndikaupaka pa zala umakoka ulusi, ndipo m'mbali mwa paipi munali timiyala toyererako tokhala ngati mchere wouma, amene ndi coolant wophwa. Fungo lake linali lija la amayi aja ndendende. Ndinalowetsa kakamera kachingwe kolumikiza pa foni mkati mwa manifold, ndipo pafupi ndi pamene utsi wa EGR umalowera pulasitiki inali itasintha, yonyezimira ngati yanyambitidwa ndi moto, ndi timatuza ting'onoting'ono. Nditafufuza malo omwewo kunja ndi tochi ndinapeza kamalo kokula ngati chikhadabo cha chala chachikulu kamene kanali katalowa mkati pang'ono ndipo mtundu wake wachoka pa wakuda wachita ngati phulusa. Kuyang'ana mwachangu sungakaone, kali kumunsi, kumbali yoyang'ana ku injini.

Kwa amene simunakumanepo nazo ndifotokoze mmene moto umayambira apa, chifukwa ambiri tikamva za moto wa galimoto timaganiza mawaya kapena petulo basi. EGR imatenga gawo la utsi wotuluka nkuubwezeranso mu injini kuti kuyaka kwa mkati kusatenthe kwambiri, potero mpweya woipa uja wa NOx umachepa. Utsi umenewu umakhala wotentha madigiri mazanamazana nde usanalowe mu manifold ya pulasitiki umadutsa kaye mu cooler, momwe coolant wa injini amauziziritsa. Cooler ija ikachita kamng'alu coolant amadonthera ku mbali ya utsi, madzi ake amauluka ndi kutentha koma glycol, mankhwala aja a mu coolant, amatsala nkusakanikirana ndi mwaye, kupanga phala lija ndinalipeza. Phala limeneli limayaka. Tsiku limene injini yagwira ntchito yolemera, chitunda, katundu, liwiro la pa msewu waukulu, utsi umabwera wotentha kwambiri, phala lija limayamba kunyeka, timakala ta moto timathothoka nkukankhidwa kulowa mu manifold, pulasitiki imasungunuka, ikabooka moto uja wapeza mpweya ndi zonse zili pansi pa boneti. Ndiye taganizani, coolant amene ine ndinathira mu Seputembala ndi mtima wofuna kuthandiza, ena mwa iye anakathera m'phala lomweli.

Nditaona zimenezi ndinakumbuka nkhani za 2018, pamene magalimoto a BMW a dizilo ankayaka m'misewu ya ku South Korea mpakana boma lakumeneko linaletsa amene sanayezedwe kuyenda pa msewu, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho kampaniyo inafika poitanitsa magalimoto pafupifupi 1.6 miliyoni dziko lonse, opangidwa pakati pa 2010 ndi 2017, chifukwa cha EGR cooler yomweyi. Mu 2019 Volvo nayo inaitanitsa magalimoto a dizilo okwana pafupifupi 500,000 chifukwa manifold ya pulasitiki imatha kusungunuka. Ndipo pafupi nafe pompa, mu Januwale 2017, Ford ku South Africa inaitanitsa ma Kuga 1.6 okwana 4,556 atayaka angapo, pamenepo vuto linali coolant kusazungulira bwino, head kutentha nkung'aluka, oyilo nkudonthera pa zitsulo zotentha. Njira zake ndi zosiyana koma mwaona kuti pa nkhani ziwiri mwa izi poyambira ndi pa coolant. Nde ndinadzifunsa kuti kodi galimoto ya amayi awa ilibe recall?

Ndinajambula VIN, manambala ndi malembo 17 aja a pansi pa galasi la kutsogolo, nkupempha nambala ya mwana wawo wa ku UK. Ndinamulembera pa WhatsApp kuti achimwene, mundipezere nambala pleti yakale ya galimotoyi ya kumeneko. Anaipeza pa chithunzi cha V5C, buku la galimoto la ku UK, chimene anajambula asanaitumize. Pa tsamba la boma la UK pamene anthu amaonera mbiri ya MOT, kuyezedwa kwa galimoto kwa chaka ndi chaka, pamaonetsanso ngati galimoto ili ndi recall imene sinakonzedwe, ndipo atalemba nambalayo inaonetsadi kuti ilipo. Tsiku lotsatira anaimbira foni kampaniyo ndi VIN m'manja, anamuuza kuti inde, ndi ya EGR cooler, ndipo galimotoyi sinapiteko kukakonzedwa. Ananditumizira voice note mawu akunjenjemera, akuti ine ndimaganiza kuti ndawagulira amayi chinthu chabwino. Ndinamuuza kuti munagula chabwinodi achimwene, inu simunalakwe kanthu, kalatayo siikanakupezani.

Ndipo apa mpamene pali nkhani yeniyeni ya ife a kuno. Ku UK kampani ikapanga recall imalemba kalata kwa munthu amene dzina lake lili m'kaundula wa DVLA, ofesi yolembetsa magalimoto kumeneko. Galimoto iyi inadutsa pa okushoni, kenako kwa wogulitsa, kenako pa sitima, nde kalatayo kaya inapita kwa ndani, koma ku Mufakose sinafike ndipo siikanafika. Magalimoto ambiri amene akuyenda mu Samora Machel Avenue lero sanagulidwe atsopano kwa dila wa muno, ndi ex-Jap, ex-UK, ena a ku South Africa, palibe kampani imene ikudziwa kuti ali kuno kapena ali m'manja mwa ndani. Komanso kuyambira 2021 boma linaletsa kulowetsa magalimoto akale opitirira zaka 10, nde amene akhala akulowa zaka izi ndi a m'badwo womwewu wa EGR cooler, DPF (sefa yogwira mwaye mu exhaust) ndi manifold ya pulasitiki. Munthu yekhayo amene amatsegula boneti ya galimoto yotere ali ndi mwayi woona VIN ndi makaniko. Ife tikapanda kufufuza palibenso wina.

Chigamulo choyamba chinali choti galimotoyi sipita ku Ntcheu ndipo sichoka pa galaja panga ikuyenda yokha. Kuwauza amayi aja inali ntchito yovuta kuposa yonse. Anati, "Amisiri, tsiku la chiliza linakhazikitsidwa kalekale, abale asonkha ndalama, simenti yagulidwa, galimotoyi yayenda zaka ziwiri osativuta, singapirire ulendo umodzi wokha?" Mnyamata woyendetsa uja naye anati tinyamula chigubu cha malita 20, tizithira m'njira. Ndinamuuza kuti mphwanga, vuto si kutha kwa madzi, vuto ndi kumene madziwo akupita, ukamathira ndiye kuti ukuwonjezera. Ndinawakumbutsanso mmene Tete amatenthera mu Okutobala, kupitirira madigiri 40, galimoto yodzadza, kenako zitunda zokwera kupita ku Angonia, amenewo ndi malo enieni amene phala lija lingayakire, ndipo pakati pa Nyamapanda ndi Changara galimoto ikayaka muthawira kuti ndi agogo ndi mwana wa zaka zinayi. Anali asanakhutirebe, ndimaona pa nkhope. Nde ndinawapempha kuti ayandikire, ndinagwira dzanja lawo nkuika chala chawo pa kamalo kolowa mkati kaja, kenako ndinawanunkhiza nsanza imene ndinapukutira paipi. Anakhala chete nthawi yaitali ndithu, kenako anangoti, "Ndi fungo lomwe lija." Sanatsutsenso. Ndaphunzira kuti kasitomala ukamuuza za glycol ndi NOx amangogwedeza mutu mwaulemu, koma chala chake chikagwira pulasitiki yopsa nkhani imatha.

Za koimika galimoto ndinenepo pang'ono chifukwa anthu amasokoneza. Vuto la EGR limayaka kwenikweni injini ikugwira ntchito kapena itangozimitsidwa kumene ili yotentha, nde galimoto yozizira yoima siopsa kwambiri. Koma si recall iliyonse ili chonchi. Mu Seputembala 2023 Hyundai ndi Kia ku America anaitanitsa magalimoto opitirira 3 miliyoni chifukwa ka module ka ABS kamatha kuchita shoti nkuyaka galimoto itazimitsidwa, ndipo eni ake anauzidwa kuti aziimika panja kutali ndi nyumba. Nde werengani chimene recall yakeyo ikunena, musangoganizira. Kwa amayi awa galimoto imagona pa khonde lomatana ndi chipinda cha adzukulu, pambali pake silinda ya gasi poti magetsi ndi awa tikuwadziwa, ndipo imalowa pamenepo madzulo aliwonse ili yotentha. Ndinaisunga kwanga, pakona ya bwalo, patali ndi magalimoto ena.

Chigamulo chachiwiri ndi chimene ndikudziwa kuti ena mwa inu munditsutsa. Mnzanga wina amene timathandizana pa za kompyuta anabwera kudzaona nkunena kuti bwanji mukuvutika, tiike kachitsulo kotseka EGR, ine ndiichotse mu software, pofika mawa galimoto ili pa msewu. Aliyense amachita zimenezi muno ndipo ndi zotchipa, sindikunamiza. Ndinakana pa zifukwa izi. Kachitsulo kamatseka utsi koma sikatseka mng'alu, cooler ipitirizabe kudontha, coolant azingopita kwina, ku mbali ya exhaust kapena mu injini malinga ndi pamene mwatsekera. Manifold inali itafooka kale ndipo imasunga mphamvu ya turbo tsiku ndi tsiku, phala lakale lija likadali mkati. Kuposa zonse, mukangosintha software kapena kudula mapaipi kampani ili ndi chifukwa chokanira kukonza, mwawatayitsa eni ake ufulu wawo wokonzeredwa ulere chifukwa cha changu cha tsiku limodzi. Ndipo utsi umene galimoto yochotsedwa EGR imatulutsa amapuma ndi amayi omwewa amene amakhala tsiku lonse m'mbali mwa msewu ku Mbare.

Panalinso njira ina imene inandiyesa ine mwini, yoti ndikapeze cooler ndi manifold zakale kwa ophwasula magalimoto ndiike ndekha, ntchito ikhale yanga ndalama ilowe kwanga. Ndinafunsadi mitengo. Koma cooler yochotsedwa pa galimoto ya zaka zomwezo ndi yomweyo imene kampani ikuitanitsa, mwina nayo ili ndi kamng'alu kake kosaoneka, ndikanangochotsa vuto nkuikapo mbale wake. Pa ntchito ya recall sipeya imene ikufunika ndi yokonzedwanso ija, part number yake imakhala yosiyana ndi yakale, nde musalole wogulitsa akuuzeni kuti bola ikukwana.

Tinapita kwa dila wa mtundu umenewu ine ndi mnyamata uja, titanyamula VIN, nambala ya recall imene mwana wawo anapatsidwa pa foni, mapepala a msonkho a ZIMRA ndi buku la galimoto, komanso zithunzi zonse zimene ndinajambula, za phala, za mkati mwa manifold, za geji isanatsike ndi itatsika. Anatilandira bwino, anaika VIN mu kompyuta yawo ndipo recall inatulukadi, koma anati galimotoyi sinagulitsidwe m'chigawo chino nde ayenera kulemba kaye ku likulu apemphe chilolezo ndi masipeya. Tinadikira masabata asanu. Ndimaimba Lachiwiri lililonse, mwaulemu, ndipo mwana wawo naye amalemba maimelo kuchokera ku UK akutchula nambala yomweyo. Pa nthawi imeneyi amayi aja anapita ku chiliza pa basi, anakwerera pa Roadport, anthu awiri okha m'malo mwa asanu chifukwa ndalama sinakwane, ndipo ndikudziwa kuti zinawapweteka, Lamlungu lotsatira anandipatsa moni wamfupi kwambiri. Ndinamvetsa.

Yankho litabwera anavomera kusintha cooler ndi manifold yomwe popanda kulipiritsa, ndipo amene ankaona nkhaniyi anandiuza kuti zithunzi zija ndi zimene zinathandiza kuti manifold ilowe nawo. Sindikulonjeza kuti aliyense ayankhidwa chimodzimodzi, dila aliyense ndi kampani iliyonse ali ndi kachitidwe kawo pa magalimoto olowa paokha, koma ambiri mwa ife sitipita nkomwe kukafunsa, timangoti ex-UK sangaiyang'ane. Galimoto tinaipititsa pa towing, osati kuyendetsa, ndipo towing analipira mwana wawo. Masipeya akale amasunga okha nde sindinabwere nawo, koma anandilola kuona manifold itachotsedwa. Ndinaikweza kuloza ku dzuwa pa khomo la workshop, ndipo pa kamalo kaja kuwala kumadutsa, pulasitiki inali itapyapyala ngati chikhadabo. Kumbuyo kwake mkati munali mizere itatu yopsa pamene timakala tinadutsa nkuzima tokha. Tanthauzo lake phala lija linali litayakapo kale kangapo galimoto ili pa msewu, mwina ndi m'masabata atatu anga aja.

Itabwerera kwanga ndinatsiriza zotsala. Madzi a pa mjigo anali atasiya zoyera mu radiyeta ndi m'botolo nde ndinatsuka zonse kawiri, kusintha thermostat ndi hozi imodzi imene inali itafufuma, kuthira coolant woyenera injiniyi wosakaniza theka ndi theka ndi madzi a distilled. Ndinapala mwaye womata umene unatsala m'makomo a head, ma valve atatsekeka kuti zinyalala zisagwere mkati, iyi ndi ntchito yotopetsa koma musaidumphe chifukwa ndi phala lomwe lija. Pressure test ndinaisiya usiku wonse, m'mawa singano ili pomwe ndinaisiya. Kenako ndinalemba mzere ndi maka pa botolo injini ili yozizira, nkumuuza mnyamata uja kuti azindijambulira Loweruka lililonse m'mawa asanailize. Tinayenda nayo limodzi mpaka Mutoko ndi kubwerera kuti itenthe mokwanira, ndipo ndinamuuza kuti kamodzi pa masabata awiri aziitulutsa pa msewu waukulu kuti DPF iziyeretseka, osamangozungulira Mufakose ndi Mbare.

Chinthu china chimene ndinapeza ndikutsuka buti ndi fire extinguisher. Malamulo a kuno amafuna kuti galimoto ikhale nayo ndi matriangle, nde aliyense ali nayo, koma iyi inali pansi pa tayala la sipeya, singano ili pa chofiira, ufa wake utagwirana ngati mwala. Inagulidwira ma roadblock basi. Tinagula yatsopano nkuimangirira pansi pa mpando wa kutsogolo. Ndinamuphunzitsanso mnyamatayo, amayi ali pomwepo, kuti akaona utsi ukutuluka m'mbali mwa boneti kapena mphamvu yatha mwadzidzidzi ndi fungo la pulasitiki, aime pambali, azimitse injini, aliyense atuluke apite patali katundu asiye, ndipo boneti asaitsegule yonse chifukwa mpweya ukalowa moto umadzuka nkumuotcha kumaso. Ngati moto ndi waung'ono angotsegula loko yokha ya boneti nkupopera pa kampata, ukakula asiye galimoto ipse.

Pa galaja panga zasintha zinthu ziwiri kuchokera pamenepo. M'buku la ntchito ndinawonjezera mzere wa VIN, galimoto iliyonse yatsopano kwa ine ndimafufuza recall madzulo ndikapeza data, za ku UK ndi pleti yakale kapena kudzera ku kampani, za ku America pa tsamba la NHTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha magalimoto kumeneko, za ku Japan ndi chassis number pa masamba a makampani awo, amene ali m'Chijapani koma foni imamasulira. Mwa njira imeneyi ndapezanso angapo amene akuyendabe ndi ma airbag a kampani ya Takata amene anaitanitsidwa koma sanasinthidwe, imeneyo ndi nkhani ina ndidzalemba payokha. Chachiwiri, mawu oti madzi akutha akangotuluka pakamwa pa kasitomala tester imatuluka m'bokosi tsiku lomwelo olo pakhale makombi angati pa jeke, ndipo ngati ndi dizilo ya EGR cooler paipi ija ndimaimasula ndisanaganize za head.

Mu Disembala banja lonse linapita ku Ntcheu pa galimotoyo, anthu asanu aja, kukaona chiliza chimene ena sanachione. Mnyamata uja ananditumizira chithunzi cha botolo ali ku Tete ndi china atabwerako, coolant ali pa mzere wanga. Atabwera amayi anandibweretsera mbatata ya kachewere ya ku Tsangano m'kathumba, ndipo anandiuza kuti kuli abambo ena ku Chitungwiza, achibale a mpongozi wawo, amene ali ndi galimoto ya mtundu womwewu ya chaka chomwecho, nawonso akumayenda ndi botolo la madzi m'buti. Ndawalembera kawiri kupempha chithunzi cha VIN, mauthenga akuonetsa kuti awerenga koma sanayankhe. Loweruka likubwerali ndili ndi ntchito ku Makoni, ku Chitungwiza komweko, ndapempha amayi aja andilongosolere nyumba yake ndikafike ndekha ndi tester.